Mwana akayamba wagwira kaye ntchito, musamutsekere khomo la koleji

Kwa olemekezeka a Nduna oona za maphunziro, a Nduna oona za ntchito, komanso akuluakulu a bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA ndi bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB,

Ndakupatsani moni nonse, mabwana ndi madona. Ine ndine mphunzitsi wa pasukulu ina yoyendera yakumudzi, zija timati ma CDSS, ndipo ana a Fomu 4 akhala akudutsa m'manja mwanga kwa zaka zambiri. Kalatayi ndailemba poyera kuti makolo ndi ana amene ndikuwalankhulirawa aiwerenge nawo, aone ngati pali pamene ndawonjezera.

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, pakhomo pa mphunzitsi sipasowa alendo. Amafika mayi a mwana, kapena malume ake atakwera njinga, ndipo funso limakhala lomwelo chaka ndi chaka: "Aphunzitsi, mwanayu wakhoza, ndiye titani naye? Tidikire zakoleji kapena ayambe kusaka ntchito?" Kwa inu amene muli ku Capital Hill, mwina funsoli limamveka ngati la munthu amene ali ndi njira ziwiri zabwino ndipo akungofuna womulangiza yoti atenge. Kuno sizili choncho. Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti mwana wa m'banja losauka akangoti "ndiyambe ndagwirako ntchito, sukulu ndidzapitiriza," ndiye kuti sukulu yathera pomwepo. Mtima wofuna kubwerera amakhala nawo ndithu, koma dongosolo lathu silinamusiyire polowera. Dongosololo lili m'manja mwanu, n'chifukwa chake ndalembera inu.

Manambala mukuwadziwa kuposa ine. Zaka zaposachedwapa ana olemba MSCE amapitirira 150,000 pachaka, ndipo okhoza amangopyola theka pang'ono. Mwa okhozawo, amene ali ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi ndiwo amaloledwa kupempha malo kudzera ku NCHE. Mayunivesite onse a boma, UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST ku Thyolo, akaphatikiza malo awo, osankhidwa amakhala cha m'ma 10,000. Tiwonjezerepo makoleji a aphunzitsi, a unamwino, a ntchito zamanja ndi mayunivesite omwe si aboma, otsala panja n'kukhalabe ochuluka kwambiri kuposa olowa. Izi sizinachitike mwangozi. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira m'makalasi, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino kwambiri. Koma ana aja anakula, anabereka awo, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, theka anali asanakwane zaka 18. Kumunsi tinatsegula kwambiri, kumtunda malo akukula pang'onopang'ono.

Sindikupempha kuti mumange mayunivesite khumi chaka chamawa. Ndikudziwa kuti thumba la boma ndi loperewera. Zimene ndikufuna kunena zambiri sizilira ndalama zochuluka.

Ndiyambe ndi kudikira. Mayeso amalembedwa m'nyengo yozizira. Zotsatira zimatuluka patapita miyezi. Kenako adikire kuti NCHE iitanitse mafomu, adikirenso mndandanda wa osankhidwa, akatero adikire kuti yunivesite yake imuuze tsiku lofika, poti iliyonse ili ndi kalendala yakeyake. Mwana amatha chaka chathunthu ali pakhomo, nthawi zina kuposerapo, osadziwa ngati adzapita kapena ayi. M'nyumba ya munthu wopeza bwino chaka chimenechi n'chopuma, mwana amakaphunzira kompyuta kapena kuyendetsa galimoto. M'nyumba imene chimanga chimatha mu Disembala, mnyamata wa zaka 18 sangakhale akungodya. Amayamba kabaza, amaumba njerwa, amapita kukaimirira m'mashopu a ku Limbe kapena ku Bwalo la Njobvu, amaoda kaunjika n'kumayenda nayo m'misika. Mtsikana amapita kutauni kukagwira ntchito yam'nyumba, ndipo ngati sanapite, akuchikazi amayamba kumvetsera anthu obwera kudzafunsira mbeta. Pamene mndandanda ukutuluka, ndalama ya mwana uja inalowa kale m'moyo wa pakhomo: ndiyo ikugula mchere ndi sopo, ikulipira kuchigayo, ikugulira mng'ono wake wa Fomu 2 zofunika kusukulu. Kumuchotsa pantchitopo si kungopeza fizi yokha, ndi kuchotsanso chakudya m'kamwa mwa anthu asanu.

Ndikuuzeni za mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, dzina ndisunga. Anakhoza bwino kwambiri, mapointi ochepa kuposa ana onse a chaka chimenecho pasukulu pathu, pamalo pamene labotale tilibe ndipo buku limodzi la Biology amawerengera ana asanu ndi atatu. Podikira zotsatira za kusankhidwa, munthu wina wa pa tredingi senta anamulemba ntchito pa kabenchi kotumizira ndalama pafoni. Ndinkamupeza pansi pa ambulera yothethekera ndi dzuwa, mafoni awiri ang'onoang'ono patebulo, kope la masamu lija analisandutsa lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, mizere yake yowongoka ngati mmene ankalembera m'kalasi. Sankasowetsa ngakhale K50. Dzina lake linatuluka pa mndandanda, ndipo mudzi wonse unalulutira. Patapita masiku ochepa bambo ake anandiitana pakhonde kuti tiwerengetse limodzi. Anatenga kamtengo n'kumalemba pansi: fizi, lendi ya chipinda poti malo ogona pasukulupo ndi osakwanira, chakudya, thiransipoti, sutikesi, bulangete, ndiponso laputopu imene anamva kuti popanda iyo mwana savutika pang'ono. Mbali inayo analemba zimene ali nazo: mbuzi zitatu ndi matumba a soya amene anali asanagulitse. Ndinawauza za ngongole ya boma. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi ngongoleyo yatuluka kale, kapena tikadziwa mwana ali konko?" Ndinawayankha zoona, kuti amayamba wapempha, yankho limabwera pambuyo, ndipo si onse opempha amene amapatsidwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Mwana sanapite. Lero ali ndi benchi yakeyake ndi mwana kumbuyo, ndipo tikakumana amafunsabe ngati pali njira.

Bambo aja sindiwaweruza. Anachita masamu olondola ndi manambala amene anali nawo. Nambala imene inasowa pansi paja ndi imene inu mukanatha kuwapatsa. Akuluakulu a NCHE ndi a HESLGB, khalani pansi pamodzi kuti mwana azipempha malo ndi ngongole pa fomu imodzi, nthawi imodzi, ndipo tsiku limene dzina lake likutuluka adziwiretu ngati ngongole wapatsidwa komanso kuti ndi ndalama zingati. Umphawi wa mwana sudikira kuti afike pa yunivesite kuti uoneke. Mphunzitsi wamkulu akuudziwa, a mfumu akuudziwa, a zachisamaliro cha anthu kwa DC akuudziwa, poti ambiri mwa ana amenewa anaphunzira sekondale ndi bazale. Chaka chilichonse timaona pa Facebook zithunzi za ana atanyamula makalata owaitana ku yunivesite, akupempha akufuna kwabwino kuti awathandize. Anthu achifundo amasonkha, Mulungu awadalitse, koma amene amathandizidwa ndi amene nkhani yake yafika kwa munthu wokhala ndi omutsatira ambiri. Mwana wa kuseri kwa phiri, kumene netiweki amaipeza atakwera pachulu, alibe womujambula.

Chachiwiri ndi chimene chili pamtima panga kwambiri. Mwana amene wasankhidwa koma alibe ndalama chaka chimenecho, musungireni malo ake kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo lamulo limeneli lilembedwe poyera pa kalata yomuitana, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti kholo limve lokha. Ngati mwayi wotere ulipo kale m'malamulo a mayunivesite ena, dziwani kuti kuno sunafike, ndipo mwayi umene mwini wake sakuudziwa sumuthandiza kanthu. Mtsikana uja akanauzidwa kuti malo ako akudikira mpaka chaka chamawa, akanagwira ntchito ndi cholinga, bambo ake akanalima soya ndi cholinga, a kumpingo ndi a banki m'khonde akanadziwa chimene akusonkhera. Ntchito ikanakhala njira yopitira kusukulu. Mmene zililimu, ntchito ndi imene imalowa m'malo mwa sukulu.

Ndikudziwa kuti pali khomo lina lolowera akuluakulu, lija amati mature entry, komanso maphunziro a ODeL, ophunzira munthu ali kwawo, ndi a kumapeto kwa sabata. Ndi zinthu zabwino, ndipo aphunzitsi anzanga ambiri akwera nazo. Koma taonani amene amalowera pamenepo: ndi anthu amene ali kale pa ntchito yolembedwa, ali ndi dipuloma, ali ndi malipiro a pamwezi oti banki ingawakongoze. Wa kabaza, wogulitsa mushopu, mlimi wa tomato wa ku Ntcheu amene ali ndi makirediti ake 6 m'chikwama, alibe kalata ya bwana yomuchitira umboni ndipo fizi yake sangaikwanitse. Tsegulani ngongole kwa ophunzira otere. Lolani kuti munthu azilipira ndi kuphunzira phunziro limodzilimodzi monga mmene thumba lake likulolera, zimene wakhoza zizisungidwa, ngakhale digiri ya zaka zinayi aitenge zaka zisanu ndi ziwiri. Malo ophunzirira akhale pafupi, m'ma TDC, malo aja osulirako aphunzitsi m'mazoni, ndi m'masekondale a maboma amene madzulo ndi Loweruka makalasi ake amangokhala otseka.

Pa nkhani ya ndalama za ngongolezi, ndiyankhule ndi anzanga amene tinaphunzira kale. Ambiri anadutsa m'mayunivesite a boma ndi ngongole ndipo mpaka lero sanabweze, ena ali m'maofesi aakulu ndithu. A HESLGB, musawachitire manyazi. Chiyambireni ntchito yanu mu 2015 mwakhala mukunena kuti thumbali ndi lozungulira, ndipo n'zoona: amene wakhalira ngongole yake wakhalira malo a mwana wa mnzake.

Tsopano za ntchito zamanja. A TEVETA, bungwe lanu lakhalapo kuyambira mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti luso liphunzitsidwe. Tili ndi makoleji akale odziwika bwino, Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira mu 2015, pamene anatsegula ya ku Ngara m'boma la Karonga, kwabwera makoleji a m'madera. Apa ndi pamene ntchito ndi sukulu zimakumana, chifukwa mwana wophunzira kuwotcherera, zamagetsi, zamipope, zomangamanga kapena umakaniko amayamba kugwirako kandalama asanamalize n'komwe. Kwa banja losauka imeneyi ndi njira yanzeru, ndipo dziko likuifuna: nyumba zikumangidwa paliponse, magetsi a sola alowa m'midzi, njinga zamoto zadzaza misewu, mijigo ndi mapampu amthirira akuwonongeka osapeza wokonza.

Nanga n'chifukwa chiyani mwana wokhoza bwino amalira akamva kuti apite ku tekiniko? Choyamba ndi mawu amene amamvekabe m'makalasi ndi m'makomo mwathu, akuti "ukapanda kulimbikira udzakhala kalipentala." Mwana amakula akudziwa kuti ntchito yamanja ndi chilango cha olephera. Koma chachikulu n'chakuti amaona kuti njirayi ili ndi pothera. Akufuna kudziwa ngati atatenga satifiketi ya zamagetsi ku Soche, n'kugwira ntchito zaka zitatu, angadzalowe ku MUBAS kapena ku MUST kukatenga digiri ya uinjiniya popanda kuyambiranso pachiyambi ngati sanaphunzirepo kanthu. Funso limeneli likufuna yankho lolembedwa, lomveka, lofanana m'makoleji onse, loti mphunzitsi wa kumudzi angathe kulipachika pakhoma la Fomu 4. Likadzapezeka, mudzaona ana a mapointi abwino akupita ku tekiniko mwa kufuna kwawo.

Musaiwalenso amisiri amene aphunzira popanda kalasi. Pitani ku Mchesi mukaone anyamata akupala matabwa ndi kukhoma mipando, pitani ku Ndirande mukaone akusula mbaula, ndowa ndi mafelemu a mawindo. Ambiri mwa iwo ali ndi MSCE, anaphunzira kwa mmisiri wamkulu poyamba kumugwirira misomali. Njira yowayesa luso n'kuwapatsa pepala ilipo, koma ndi angati akuidziwa, ndipo ndi angati angasiye ntchito n'kulipira ulendo wokayesedwa? Oyesawo azipita komwe kuli amisiri. Pepala limenelo ndi limene lingamulole mnyamata kupikisana nawo pa ntchito yokhoma madesiki a sukulu ya kwawo, m'malo mongogwirira ganyu kontirakitala wochokera kutauni.

Kwa a Nduna oona za ntchito, ndinene mosabisa kuti "ntchito" imene timaiyerekeza ndi koleji nthawi zambiri si ntchito yolembedwa. Mu 2020 unduna wa zaumoyo utaitana anthu kuti adzayesedwe pa ntchito za alangizi a zaumoyo, anafika miyandamiyanda, ndipo ku Mzuzu ena anavulala popondana. Mu Novembala 2023, mwezi womwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Ena amakwera basi kapena mathiraki kulowera ku Joni, njira yomwe agogo awo anayenda nthawi ya Theba. Palibe amene angawanene kuti ndi aulesi ana amenewa. Amene amatsala kuno amagwira ntchito popanda kalata ya mgwirizano, kuyambira m'mawa mpaka usiku, malipiro osafika pa mlingo umene boma linakhazikitsa, ndipo akadandaula amauzidwa kuti panja pali anzawo zana akudikira. Oyendera malo a ntchito azifika m'mashopu, m'malo odyera ndi m'makampani a alonda. Mwana amene akulipidwa moyenera ndipo amaweruka nthawi yake angathe kusunga kangachepe ndi kuwerenga madzulo. Wogwira maola 14 sangathe.

Pali chinthu china chimene makolo amandifunsa, ndipo ndi chovuta kuyankha. Amati, "Mwana wa uje anamaliza digiri, zaka zinayi zapita ali pakhomo, nanga ife tigulitsirenji mbuzi?" Ulova wa omaliza maphunziro ulipodi, ndipo ukufooketsa ana ali Fomu 2. Ine ndimawauzabe kuti mwana amene wapeza malo ndipo pali njira ina iliyonse, apite, chifukwa digiri ingachedwe kubala koma munthu amakhala nayo moyo wonse, pamene kabaza amatha ndi mphamvu za m'miyendo. Komabe kholo likuyenera kuuzidwa zoona. A NCHE, muziuza mtundu wa Amalawi kuti mwa omaliza maphunziro akutiakuti pa koleji yakutiyakuti, ndi angati apeza chochita patapita zaka ziwiri. Muzilengezanso mobwerezabwereza pa wailesi, osati pa intaneti pokha, makoleji ndi maphunziro amene ndi ovomerezeka. Ndaonapo banja litagulitsa dimba kulipirira mwana pa koleji ina ya m'tauni, n'kudzamva pamapeto kuti pepala lake palibe akulilandira. Banja limenelo silidzatumizanso mwana wina kusukulu.

Zonsezi zikanayenda bwino pakanakhala munthu wozifotokozera ana nthawi isanathe. M'masukulu ambiri akumudzi mulibe mlangizi wa za ntchito. Mwana amasankha maphunziro ku Fomu 3 potengera mnzake, kapena potengera kuti pasukulupo pali mphunzitsi wa phunziro liti, n'kudzazindikira pa tsiku lodzaza fomu ya NCHE kuti unamwino umene ankaulota umafuna masayansi amene iye sanatenge. Ena amadzaza mafomu pa foni yobwereka, n'kusankha maphunziro olimbirana okhaokha chifukwa ndi okhawo amene anawamvapo. Mwana wa pasukulu yogonera ya m'tauni ali ndi azakhali ake a ku yunivesite omuuza zochita, wathu ali ndi ife, ndipo ifenso timadalira zimene tamva. Kabuku kamodzi kosindikizidwa chaka chilichonse, kofika pa CDSS iliyonse, kofotokoza njira zonse, yunivesite, koleji ya aphunzitsi (TTC), unamwino, tekiniko, zofunika polowa, fizi yake ndi kumene kuli thandizo, sikangathe ndalama zofanana ndi msonkhano umodzi wa kunyanja. Aphunzitsi awiri pasukulu iliyonse aphunzitsidwe kukagwiritsa ntchito.

Masomphenya a Malawi 2063 amene munakhazikitsa mu 2021 amanena za dziko lodzidalira lotsogoleredwa ndi achinyamata. Achinyamata ake ndi omwewa, amene ali pa benchi ya pansi pa ambulera ndi pa siteji ya kabaza, ndipo pofika 2063 adzakhala ndi zidzukulu.

Ana amene ali Fomu 4 panopa alemba mayeso posachedwa. Ndikupempha kuti asanalembe pepala lomaliza, mulengeze pa wailesi masiku atatu ndipo muwasunge: tsiku lotulutsa mndandanda wa osankhidwa, tsiku lodziwitsa amene apatsidwa ngongole, ndi tsiku lofika pa koleji. Pamodzi ndi masikuwo, nenani ngati mwana wosankhidwa amene alibe fizi chaka chino mudzamusungira malo ake, kuti makolo akadzabwera pakhomo panga ndidzakhale ndi chowauza.

Ine wanu pa ntchito yophunzitsa,

Mphunzitsi wa Fomu 4, pa CDSS ina m'chigawo chapakati